Meda Yogulira ndi Meda Yogulitsira

Basi yochokera ku Lusaka ikangoima pa Nyimba, injini isanazime n'komwe, mawindo amakhala atadzaza kale nthochi. Amayi a m'mbali mwa msewu wa Great East amathamanga malichero ali m'mwamba. Bambo wa suti amene wakhala akuliza mkonono kuchokera pa mlatho wa Luangwa amadzidzimuka, n'kutulutsa mutu.

"Amayi, tsitsaniko. Tinthochi take tating'ono iti!" Amutsitsira. "Nanga mbasela?" Amuikira ziwiri. Kenako ayamba kupisa m'matumba modekha, diso lili kwa dalaivala. Koma amayiwo sanabadwe dzulo. Akalandira K50, chenji chimalowa pansi penipeni pa mfundo ya chitenje, ndipo mfundoyo imamasuka basi itafika kale pa giya yachiwiri. Aliyense madzulo amakafotokoza kwawo kuti anthu a masiku ano alibe chilungamo.

Izi n'zazing'ono. Wofuna kuona dyera litavala bwino apite ku Petauke miyezi ya June ndi July, chimanga, mtedza, mpendadzuwa ndi thonje zikamatuluka m'midzi. Ogula oyendayenda amapachika sikelo pa nthambi ya mango, mtengo wogulira atalemba pa katoni. Mlimi amadziwa kuti Food Reserve Agency imagula bwinoko. Mu 2024 thumba la makilogalamu 50 linali pa K330. Koma bungweli limadikira chimanga chiume mpaka chinyontho chitsike pa 12.5 peresenti, ndipo ndalama sizibwera tsiku lomwelo. Wa pansi pa mango amalipira pompo. Chimene sanena n'chakuti sikelo yake inaphunzira masamu kusukulu ina.

Wogula wodziwa ntchito amakhalanso ndi meda ziwiri. Yogulira inamenyedwa nyundo kuchokera m'kati mpaka inatupa mimba. Yogulitsira inamenyedwa kuchokera kunsi, ndipo inaonda. Zonse ziwiri dzina lake ndi meda. A Zambia Metrology Agency, amene ntchito yawo ndi kuyesa masikelo, akamveka kuti afika pa boma, sikelo zina zimapita kumaliro kumudzi, n'kubwerako galimoto ya boma itachoka.

Mlimi nayenso tisamuyeretse. Belo la thonje lina limalemera modabwitsa chifukwa linamwa madzi usiku, ndipo pansi pa thumba la mtedza pamapezeka mchenga wa kudambo umene palibe anaudzala.

Lachisanu masana ena mwa anthu omwewa amavula nsapato pakhomo la mzikiti. Shehe safunika kufufuza patali, pakuti Qur'an ili ndi sura yathunthu, ya 83, yotchedwa Al-Mutaffifin, imene imayamba ndi kuchenjeza anthu ofuna muyeso wodzaza pogula koma ochepetsa pogulitsa. Amakumbutsanso za anthu a ku Madyan, amene mneneri Shu'ayb anawaletsa chinyengo cha pa sikelo, iwo n'kumuseka mpaka chilango chinawagwera. Mitu imagwedezeka mzikiti wonse. Mwini meda ziwiri ndiye amagwedeza kwambiri, uku akuyang'ana chammbali mlamu wake wa golosale. Potuluka amagwira dzanja la shehe: "Lero mwawauza, Shehe. Ena amve ndithu."

Lamulungu zomwezi zimachitikanso ku Reformed Church ndi ku Katolika, kumene kumapita anthu ambiri a maboma a Nyimba ndi Petauke. Sikelo siifunsa chipembedzo.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 February, chinaonetsa mtundu wina wa munthu: wosunga matumba m'chipinda chogona, mkazi ndi ana atasamukira pabalaza. Mnansi akabwera ndi mbale, yankho linali lakuti, "Ifenso tikuvutika, achimwene," thumba la pamwamba likuonekera pawindo. Mtengo ukakwera ankati ukweranso sabata yamawa. Mtumiki Muhammad analetsa kubisa chakudya podikira kuti chidule, koma amene anafulumira kupereka chiweruzo ndi anankafumbwe. Sura ya 68 ili ndi nkhani yofanana, ya eni munda amene anapangana kukakolola m'mamawa kuti osauka asawaone, n'kukapeza munda utawonongeka iwo ali m'tulo.

Pa zakaat, chopereka cha Asilamu chothandizira osowa, ndiye masamu amathawiratu. Lamulo n'losavuta: mbewu zolimidwa ndi mvula, zikakwana muyeso wake, gawo limodzi mwa magawo 10 limapita kwa oyenera, zothirira movutikira, limodzi mwa 20, ndalama zimene zakhala chaka, 2.5 peresenti. Munthu amene amawerengera phindu la lole yodzaza chimanga pamtima, osagwira foni, akafika apa amati mutu ukumupweteka, abwerenso Ramadhani ikubwerayi.

Chisilamu sichidana ndi malonda. Mtumiki mwiniyo anali wamalonda, ndipo anayendetsapo katundu wa mayi Khadija mpaka ku Syria. Chimene chimaphunzitsidwa ndi qana'a, mtima wokhutira ndi phindu loyera ngakhale lichepe. Anthu otere alipo pa msika wa Petauke. Pali agogo ogulitsa mtedza ndi meda imodzi yokha, yosamenyedwa, amene akagulitsa zokwanira amakutira katundu n'kupita kukaswali. Anzawo amawaseka kuti sadzamanga nyumba ya malata. Komabe ofuna mtedza wa mbewu amalumpha mabenchi ena onse kukaima pa agogowo, ndipo osekawo akafuna kutuma mwana kukagula zodyera pakhomo pawo, amamuuza kuti apite komweko.

Inu amene mukagulitse chimanga chaka chino, yambani mwadziyeza pa sikelo ya kuchipatala, kenako mukapemphe kukwera ya wogula. Mukapezeka kuti mwaonda makilogalamu 5 pa kamtunda ka pakati pa chipatala ndi msika, senzani thumba lanu mubwerere nalo kunyumba, ndipo mukafika mukachotsemo mchenga uja.