Malangizo kwa Munthu wa ku Feira Wofuna Kujambula Aurora

Aurora ndi kuwala kobiriwira, nthawi zina kofiira, kumene kumaoneka kumwamba usiku m'maiko oyandikana ndi nsonga ziwiri za dziko lapansi. Kuwalaku kumachitika pamene tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi, tochokera kudzuwa, takokedwa ndi maginito a dziko n'kuwombana ndi mpweya wa okosijeni ndi wa naitirojeni pamtunda wa makilomita 100 mpaka 300 kuchokera pansi. Popeza zithunzi zake zafala pa Facebook ndi WhatsApp mpaka kufika m'boma la Luangwa, lomwe kale linkatchedwa Feira, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, n'koyenera kuti munthu wa kumeneko amene mtima wamudyokoka alangizidwe asanagulitse bwato ndi maukonde.

Langizo loyamba ndi la munthu wodekha, amene akufuna kuti aurora amupeze pakhomo. Akatswiri amayeza malo padziko ndi madigiri kuchokera ku ikweta, mzere wongoyerekeza wogawa dziko pakati, ndipo Feira ali pa madigiri pafupifupi 15 kummwera, pamene aurora amakonda madera a madigiri 65 mpaka 70. Komabe wodikirayo asataye mtima, chifukwa mu 1859, dzuwa litaphulitsa mphamvu yoopsa imene katswiri wa zakuthambo Richard Carrington anaiona ku England, kuwalaku kunafika mpaka ku Cuba, ndipo mu Meyi 2024 kunaonekera ku Western Cape ku South Africa, makilomita 2,000 okha kummwera kwa Feira. Choncho ayike mpando pansi pa mlambe, ayang'ane kummwera, ndipo alembe wilo yofotokoza mdzukulu amene adzalowe pampandopo. Akaona kufiira pamwamba pa mapiri a tsidya la mtsinje ku Zumbo kapena ku Kanyemba mu Seputembala asafulumire kuuza anthu, pakuti nthawi zambiri limakhala lupsa la osaka mbewa.

Langizo lachiwiri ndi la munthu wopupuluma. Ameneyu akwere basi mpaka ku Luangwa Bridge, atsate Great East Road kukafika ku Lusaka, apemphe viza ya Schengen, yomwe ndi chilolezo cholowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo pafomu alembe mosachita manyazi kuti akupita kukayang'ana kumwamba. Malo otchuka ndi Tromsø ku Norway, Abisko ku Sweden ndi Rovaniemi ku Finland, ndipo nyengo yake ndi kuyambira Seputembala mpaka Malichi, pamene usiku umatalika. Ku Tromsø dzuwa silituluka n'komwe kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale, zomwe zingasangalatse munthu wa m'chigwa mmene kutentha kwa mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, bola akumbukire kuti ku Tromsø madzi amauma gwaa panja. Amene amavala jekete ndi chipewa chaubweya mu Juni ku Feira akulangizidwa kuti ayambe wazolowera polowetsa manja m'firiji ya nsomba m'mawa uliwonse.

Langizo lachitatu likukhudza kujambula kwenikweniko. Kamera iyenera kukhala pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, chifukwa diso lake limasiyidwa lotseguka kwa masekondi 5 mpaka 15 kuti limwe kuwala kokwanira, ndipo munthu amene akunjenjemera sangaigwire m'manja. Nambala ya ISO, imene imaonetsa mmene kamera ikumvera kuwala, ikwezedwe kufika pa 1600 kapena 3200. Mabatire amafa msanga m'chisanu, choncho asungidwe m'thumba la mkati, pafupi ndi mtima, pamalo pamene panali ndalama. Wojambulayo aziyang'ananso Kp, muyeso wa 0 mpaka 9 wosonyeza mmene maginito a dziko asokonezekera, koma adziwe kuti ngakhale Kp itafika pa 9, mtambo umodzi wokha ungathe kuphimba zonse, ndipo mtambo subweza ndalama ya tikiti.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Diso la munthu siliona bwino mitundu mumdima, moti aurora wofooka amaoneka ngati utsi wotuwa wa pamoto wowambira nsomba, pamene kamera, imene yasonkhanitsa kuwala kwa masekondi angapo, imaonetsa kubiriwira kochititsa kaso. Pachifukwa chimenechi mlendo wanzeru sataya nthawi kuyang'ana kumwamba. Amaweramira pagalasi la kamera kapena la foni, ndipo pamenepo amapeza chithunzi chofanana ndi chimene anachiona ali kwawo, kusiyana kwake kuli kwakuti tsopano zala zachita dzanzi ndipo mphuno ikutuluka mamina.

Langizo lomaliza ndi la pobwerera. Wapaulendoyo asaulule kwa abale zoti anaona zotuwa, ndipo amalume akafunsa chimene wabweretsa kuchokera ku Ulaya, awapatse foni mwaulemu ndi manja awiri. Pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka akhoza kukumana ndi mzungu wa ku Norway amene walipira madola ochuluka ku Lower Zambezi National Park kuti ajambule mvuu, njovu ndi nyenyezi za kumwamba kopanda magetsi, ndiko kuti mvuu zomwe zimadya chimanga cha anthu a ku Feira ndi mdima womwe iwo amaudandaula tsiku ndi tsiku. Mwambo wabwino umafuna kuti awiriwa apatsane moni, aonetsane zithunzi, ayamikirane, kenaka aliyense apitirize ulendo wake akumvera mnzakeyo chisoni chifukwa chowononga ndalama pa chinthu chaulere.