Ana a Makope Afika ku Chongwe, Msika Wonse Wasanduka Nyuzipepala

Pa boma la Chongwe, makilomita ngati 45 kuchoka ku Lusaka mumsewu wa Great East, nkhani ili m'kamwam'kamwa masiku ano ndi ya ana ophunzira utolankhani. Amatsika minibasi m'mawa, kope kukhwapa, foni ili m'mwamba kudikira kujambula mawu. Anthu akuti ena ndi a ku Evelyn Hone College, ena a ku ZAMCOM, ena a ku University of Zambia komwe ophunzira amakhala ndi nyuzipepala yawo ya Lusaka Star ndi wailesi ya UNZA Radio. Palibe amene wafunsa bwinobwino. Onse angopatsidwa dzina limodzi, Ba Mtolankhani.

Kumsika, amayi a tomato ndi repu akuseka mpaka kugwira nthiti. Akuti mwana aliyense amabwera ndi funso lomwelo, lakuti vuto lalikulu kuno n'chiyani, ndipo yankho limakhalanso lomwelo: madzi. Damu la pamtsinje wa Chongwe, lomwe limamwetsa tawuniyi, limaphwa chilimwe chikakula, ndipo chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinangowonjezera. Mtsikana wina akuti anadandaula kuti za madzi mnzake analemba kale, akufuna nkhani yatsopano. Amayiwo anamuuza kuti ayambe wabweretsa madziwo, nkhani yatsopano aipeza pambuyo. Ine ndili mbali ya amayi.

Kometera tsitsi nkhani ndi ina. Anyamata a kumeneko ali ndi dandaulo lakalekale lomwe akufuna lilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma la Chongwe, koma mlendo wolemekezeka akatera pamenepo nyuzi zimati wafika ku Lusaka. Ng'ombe ikabedwa ku Kanakantapa, apo ndiye dzina la Chongwe limatchulidwa mosaphonya. Akuti mwana amene adzakonze zimenezi adzametedwa ulere mpaka atamaliza sukulu.

Si onse akukondwa. A njinga za makala akangoona foni yalozetsedwa kwa iwo amapalasa ngati awona njoka, poganiza kuti ndi a zankhalango. Ogulitsa mapuloti cha ku Silverest nawo amayankha funso ndi funso: wakutuma ndani? Nkhani ya malo kuno ndi yoterera, chifukwa Lusaka ikukula kulowera kum'mawa ndipo dera lalikulu ndi la Asoli, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Akuluakulu akuti mwana wofuna kulemba za malo aphunzire kaye kugwada, kuomba m'manja ndi kudzera kwa nduna, kope litsegulidwe pambuyo. Akunenanso monyodola kuti pa Chakwela Makumbi, mwambo wa Asoli wopempha mvula, makamera amachuluka, koma mvula ikakana makamerawo saonekanso.

Yoseketsa kwambiri ndi ya agogo ena cha ku Chalimbana. Mnyamata anawafunsa m'Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chingerezi, iwo n'kuyankha m'Chisoli chenicheni, nthawi yaitali ndithu, manja ali m'mwamba. Mnyamatayo ankangogwedeza mutu n'kumalemba. Zomwe analembazo zikudziwika ndi iye yekha ndi Mulungu.

Telala wina, amene wailesi yake siizima, ndiye wanena zanzeru. Ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'chaka cha 2022, ndipo mu Disembala 2023 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza chidziwitso kuboma linasainidwa. Iye akuti anawa asiye kufunsa anthu mmene akumvera, poti aliyense akumva ludzu, koma apite kukhonsolo akafunse kuti mijigo yakumbidwa ingati, kuti, ndipo yadya ndalama zingati. Mafunso otere sakoma pachithunzi, koma ndi amene amasandutsa mwana wa kope kukhala mtolankhani.

Funso lomwe msika wonse ukugwirizana ndi lakuti: kodi zolembazo zituluka liti? Anthu anasiya malonda, ena anakasintha chitenje kuti ajambulidwe bwino, koma akuopa kuti mawu awo akangothera pa tebulo la aphunzitsi, kupatsidwa malikisi n'kuiwalika.

Choncho ana inu, mukalandira malikisi anuwo bwererani. Chongwe ili ndi wailesi yakeyake ya m'dera. Kapempheni mphindi zochepa, muulutse zomwe munapeza m'Chinyanja ndi m'Chisoli, eni nkhaniwo adzimvere okha. Ndipo pobwera musaiwale botolo la madzi.