Ulemu kwa Msewu wa Agalu

Pa misewu yonse ya padziko lapansi palibe woposa wa Iditarod, njira ya agalu ya ku Alaska imene imachokera chakufupi ndi Anchorage n'kukathera ku Nome, m'mphepete mwa nyanja ya Bering. Amene anaupondako amaujeda: ati ndi wautali, makilomita pafupifupi 1,600, ati kuzizira kwake kumaumitsa zala mpaka kuduka. Zonsezo n'zoona. Koma anthu ojedawa sanena kuti msewu umenewu ulibe dzenje ndi limodzi lomwe, pakuti ulibe phula loti likumbike. Umabwera wokha chipale chofewa chikagwa ndi mitsinje ikaundana, ndipo nyengo yofunda ikafika umasungunuka mwaulemu n'kusiyira malo madambo ndi udzudzu. Nduna yofuna kudulapo riboni iyenera kubwera chaka ndi chaka.

Wina anena kuti Alaska ali nayo misewu ya galimoto. Ali nayo, inde. Wotchuka ndi wa Dalton, makilomita 666, umene anaulambula mu 1974 pomanga paipi ya mafuta. Umadutsa Coldfoot n'kukathera ku Deadhorse, malole akukuwazani miyala pagalasi njira yonse. Koma umenewo ndi msewu wokonda ndalama, umangopita kumene kuli mafuta. Ku Nikolai, ku Ruby, ku Kaltag, ku Unalakleet, ku Shaktoolik sufikako. Ngakhale ku Nome kwenikweniko palibe msewu wochokera kunja. Nthawi yachisanu amene amakumbukira midzi imeneyi ndi ndege ndi njira ya agalu basi, ndipo ndege ndi yamantha: mphepo ikangolusa imakhala pansi.

Galimoto ya pamsewu wathuwu ndi chileyi, ngolo yopanda magudumu, ndipo injini yake ndi agalu khumi ndi mphambu zingapo omangidwa awiriawiri. Injiniyi imadya nsomba ndi nyama yamafuta, imavala tinsapato tansalu kuti madzi oundana asaicheke mapazi, ndipo imadzithandiza ikuthamanga, woyendetsa ataima kumbuyo kwake kumene mphepo ikupita. Chiwongolero ndi pakamwa: "gee" ndiye kumanja, "haw" kumanzere. Ukapusa n'kugwa, agalu sacheuka. Ndi galimoto iti ina imene imaphunzitsa mwini wake kudzichepetsa chotere?

Mbiri yake ndiye musanene. Mu Januwale 1925 matenda a diphtheria, otseka kummero, anagwa ku Nome, ndipo dokotala wa kumeneko, Curtis Welch, analibe mankhwala okwanira. Nyanja inali itaundana, ndege za nthawiyo sizikanatha. Mankhwala anabwera pasitima mpaka ku Nenana, ndipo kuchokera apo amuna 20 ndi agalu pafupifupi 150 anapatsirana phukusilo mtunda wa makilomita 1,085 m'masiku asanu ndi theka. Leonhard Seppala ndi galu wake Togo, nkhalamba ya zaka 12, anayenda makilomita oposa 400 tikawerengera ulendo wokachingamira mankhwalawo, n'kudula pamwamba pa nyanja youndana ya Norton Sound. Gunnar Kaasen ndi galu wina, Balto, anayenda gawo lomaliza, losakwana makilomita 90, n'kulowa mu Nome pa 2 Febuluwale. Chipilala cha ku Central Park mu New York anamangira Balto. Apa msewuwu unaonetsa nzeru zake zakuya: unadziwa kuti ojambula zithunzi amadikirira kothera ulendo, ndiye unamusungira Togo ulemu wapamwamba wosasokonezedwa ndi anthu. Balto nayenso ulemerero unamufikitsa pomaonetsedwa ndi ndalama ku Los Angeles, mpaka anthu a ku Cleveland anasonkha ndalama n'kumuwombola mu 1927.

Chiyambire 1973 pamsewuwu pamachitika mpikisano mwezi wa Malichi, ndipo malamulo ake ndi achifundo kwa aulesi ngati ine. Wofika pomaliza amalandira nyali yofiira. Chaka choyambacho wopambana anatenga masiku 20, womaliza 32, ndipo onse awiri mayina awo analembedwa.

Apolisi apamsewu aliponso, koma ndi amiyendo inayi. Chinyama chotchedwa moose, chachikulu ngati nchefu, chimakonda kuyenda m'njira yopondedwa kale, ndipo sichipatukira munthu. Mu 1985 china chinapha agalu awiri a Susan Butcher n'kumutulutsa mumpikisano. Lamulo limati ukapha nyama yotere podziteteza, uime kaye uitumbule, kuti nyamayo isawonongeke, anthu a m'mudzi adye. Mu 2024 Dallas Seavey anaombera moose imene inavulaza galu wake, koma anaitumbula mothamanga, ndipo akuluakulu anamulanga maola awiri. Anapambanabe, kachisanu ndi chimodzi. Ndiuzeni msewu wina umene munthu amalangidwa chifukwa chosalongosola bwino ndiwo za eni mudzi.

Vuto limodzi lokha ndi loti msewu wathu wayamba kujomba. Mu 2015, 2017 ndi 2025 mpikisano unakayambira ku Fairbanks chifukwa kumwera chipale chinachepa, ndipo mu 2016 sitima inachita kunyamula chipale kuchokera ku Fairbanks kupita nacho ku Anchorage. Adani ake akuti kumeneku n'kulephera. Ine ndikuti ndi ukulu: msewu wa Dalton mumachita kuupitira, koma uwu amaunyamula m'mabogi ngati mfumu.

Choncho inu amene mukufuna kuona midzi ya kumpoto kuja, musachedwe ndi kufunsa mitengo ya ndege. Pitani mu Malichi msewu udakalipo, valani magolovesi awiri dzanja lililonse, ndipo mukagwa musataye chileyi.