Zanga zonse zinaima pa mawindo

Kukanakhala kuti pa chionetsero cha zaulimi ku Chipata amapereka mphoto kwa munthu wodziwa kuyamba zinthu, bwenzi pakhoma panga palibe popachika kalendala. Kuyamba ndimakutha. Ndikagona ndi ganizo latsopano, tambala amandipeza ndili kale panja ndi chingwe ndi zikhomo, ndikuyeza malo. Zimavuta ndi tsiku limene chinthucho chasiya kununkhira chatsopano.

Mukafika pakhomo panga, choyamba kukulonjerani ndi nyumba ya njerwa zootcha imene inafika pa mawindo n'kuima. Maziko ake ndinakumba tikadali anthu a ku Chipata. Mu 2018 a Edgar Lungu anagawa Chipata, Kasenengwa n'kukhala boma palokha, ndiye nyumba yanga inasamukira m'boma lina isanafoleredwe, osasuntha ndi njerwa imodzi yomwe. M'chipinda chimene chinayenera kukhala chochezera munamera papaya, ndipo wabereka kale. Ana amati pakhomo pano ndi yekhayo amene anayamba ntchito n'kuimaliza. Kuseri kuli dziwe la nsomba lofika m'mawondo. Nsomba sizinaponde m'menemo, koma achule ndi udzudzu amandithokoza usiku uliwonse. Palinso ming'oma ya njuchi yodikira kupachikidwa, ndi njinga imene ndinaimasula kuti ndiidzoze girisi. Zitsulo zake zili m'chidebe, ndipo sindingalumbire kuti zonse ndi za njinga.

Kwa zaka zambiri ndinkadziteteza ndi njanji. Wondifunsa za malata ndinkamukumbutsa kuti njanji yochokera ku Mchinji kufika ku Chipata anaiyamba mu 1982, nthawi ya a Kaunda, koma anadzaitsegulira ndi a Rupiah Banda mu 2010. Zaka 28, pa kamtunda koti wanjinga akanyamuka m'mawa amafika dzuwa lisanakwere pamutu. Ngati maboma awiri, ndi nduna zawo ndi mainjiniya awo, anachita kupumira pakati, ine ndi wilibala yanga ndine yani? Mfundo imeneyi inkagwira ntchito pabwalo la nsolo. Kunyumba ayi. Mayi a ana ankangoti, "Koma njanjiyo inatha, bambo."

Chaka chino, pa nthawi ya mwambo wa Nc'wala, kunabwera mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira unamwino ku Lusaka. Atachokera kumwamboko ku Mtenguleni anazungulira pakhomo ponse manja ali kumbuyo. Anaseka, kenako anasiya kuseka n'kuyamba kufunsa. "Amalume, kodi kusukulu munkatha kukhala phee mpaka belu? Makiyi ndi foni mumataya kawirikawiri? Munthu akamalankhula, mumamudikira kuti amalize?" Funso lomalizali ndinaliyankha asanalimalize.

Iye anati pali vuto lina la kagwiridwe ntchito ka ubongo lotchedwa ADHD. Mwini wake amavutika kusunga maganizo pa chinthu chimodzi, sakhazikika, ndipo amachita kaye n'kudzaganiza pambuyo. Pa zizindikiro zimene madokotala amayang'ana pali kuyamba ntchito osaimaliza, kutaya zipangizo, kuiwala zimene walonjeza, ndi kuthawa ntchito yofuna kudekha. Anati mwa ana 100 aliwonse pafupifupi 5 ali nalo, ndipo mwa akuluakulu ndi awiri kapena atatu, chifukwa ambiri amakula nalo. Limayendanso kwambiri m'magazi. Apa ndinakumbukira malemu atate, amene anatisiyira ngolo ya gudumu limodzi.

Ndinamuuza kuti amenewa ndi matenda a masiku ano, obwera ndi mafoni. Anakana. Dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu a maganizo osakhazikika mu 1798, Angoni asanawoloke ndi Zambezi yomwe. Mu 1902 dokotala wa ana, George Still, anakamba ku London za ana anzeru bwinobwino koma olephera kudzigwira. Dzina la ADHD linadzabwera mu 1987, njanji ija ili ndi zaka zisanu. Ngakhale mankhwala ake odziwika, Ritalin, ndi akale: anawapanga Leandro Panizzon ku Switzerland mu 1944, n'kuwatcha dzina la mkazi wake, Rita. Ndinauza mayi a ana kuti kunja kuno amuna anzathu amatcha zinthu maina a akazi awo. Iwo anati ndisayerekeze kutcha dziwe lija dzina lawo.

Agogo anga sanamvepo za Crichton, koma anandipima kalekale. Akandituma kukatunga madzi n'kubwera ndi mbalame m'manja, ndowa nditaiiwala kuchitsime, ankangoti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Mutu wanga ndi mmene ulili: uli ngati nkhuku imene aimwazira chimanga mbali zonse, imajompha apa, yathamangira apo, mapeto ake yagona ndi njala pakati pa chakudya.

Panali chimodzi chimene ndinaona kuti chindipulumutsa. Ndinati, ngati sinditha kuika maganizo pa chinthu chimodzi, bwanji pa nsolo ndimakhala kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, nsima osaikumbuka? Mwanayo anati chimenechonso chimapezeka kwa anthu otere. Chidwi chilipo, koma mwini wake sachilamula. Ubongo umathamangira chatsopano, chosangalatsa, kapena chimene chafika pakhosi, ndipo akatswiri amati nkhaniyi imakhudza dopamine, mankhwala a m'thupi amene amachititsa munthu kumva kuti ntchito ili ndi mphoto. Kukumba maziko anthu akuonerera kuli ndi mphoto. Kuwerenga misomali ya malata kulibe.

Kunena zoona ndinasangalala. Zaka zonsezi anthu ankanditcha waulesi, osadziwa kuti ndili ndi matenda a zilembo zinayi, okambidwa ku London. Madzulo omwewo ndinakhala pampando wa ndalema n'kuuza mayi a ana kuti nthawi yopepesa yakwana. Iwo anapitiriza kusenda nsawa. Kenako anati, "Chabwino, tiyeni tigawe. Nyumba ija inaima chifukwa chaka chija thonje linagwa mtengo ndipo ndalama ya malata inapita ku feteleza. Amenewo si matenda, ndi umphawi, ndipo tonse tikudwala. Dziwe munalisiya chifukwa munapeza mwala. Koma khasu lija lakhala lopanda mpini chiyambire mvula yatha, mitengo ili kuseri kwa nyumba. Nkhokwe yatsala denga lokha, udzu ndinamweta ndine. Zimenezo ndiye mukafunse kuchipatala."

Apa mayiwa anaposa dokotala. Mukayenda msewu wa ku Mfuwe mudzaona nyumba zambirimbiri zoima pa mawindo, ndipo eni ake si odwala. Mlimi wa kuno amaona ndalama kamodzi pachaka, akagulitsa chimanga ku bungwe la FRA kapena soya kwa mavenda. Akaisunga m'nyumba idzatha ndi maliro, fizi ndi achibale. Ndiye amaisandutsa njerwa, chifukwa palibe wachibale amene anabwerapo kudzabwereka khoma. Chaka chino mizere isanu, chaka chamawa lintala. Ameneyo ndi munthu wa pulani. Wokayikitsa ndi ine, amene ndimasiya ndi zaulere zomwe.

Mwana wa mlongo wanga naye anandithira madzi ozizira. Anati kusamaliza zinthu pakokha si umboni. Zizindikiro ziyenera kukhala zoti zinayamba munthu asanakwane zaka 12, zakhalapo miyezi yosachepera 6, zimaoneka m'malo oposa amodzi, monga kunyumba ndi kuntchito, ndipo zikumuonongeradi moyo. Kusagona bwino, nkhawa, matenda a kukhumudwa ndi mowa zimabweretsanso zofanana. Pa mowa anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mwana amayang'anira amalume ake. Anatinso timafunso ta pa intaneti tisandinamize, chifukwa aliyense wotopa akatiyankha amatuluka wodwala. Woyenera kugamula ndi wachipatala wophunzira za maganizo, atamva mbiri yonse, ndi ya ubwana yomwe.

Za ubwanazo ndiye zinandikhalitsa chete pang'ono. M'kalasi mwathu munali anyamata amene ankadya ndodo tsiku ndi tsiku chifukwa chosakhazikika. Tinkawatcha opulupudza, osamva, a mutu wouma. Ena anali anzeru kuposa ife tonse, okonza wailesi ali ndi zaka khumi, koma anathawa sukulu chifukwa thupi linatopa. Atsikana otere sankamenyedwa kwambiri, poti ambiri sasokosa. Amangoyang'ana pawindo mpaka mayeso atawapeza, n'kulembedwa kuti ndi mbuli. Sindikunena kuti onse anali ndi ADHD. Koma ndodo ija inkaperekedwa kwa aliyense popanda kupima, ndipo sindikumbuka amene inamuchiza.

Ndinaganiza zopita ku Chipata kukaonana ndi achipatala. Anthu akangomva za dokotala wa maganizo amaganiza za chipatala cha amisala cha Chainama, choncho kwa aneba ndinati ndikukagula misomali. Ndinavala jekete, ndinakwera galimoto, ndinafika bwinobwino. Kungoti njira yanga inadzera pa msika wa Kapata, ndipo pamenepo panali mnyamata wogulitsa mutu wa makina osokera, wotsika mtengo, wongosowa lamba ndi thebulo. Tinakambirana za tsogolo la utelala m'boma latsopano la Kasenengwa, za mayunifomu a ana asukulu ndi madiresi a makwaya. Nditayang'ana dzuwa linali litapendeka. Ndinabwerera kunyumba ndi makina pamutu, opanda lamba, opanda misomali, opanda dokotala. Mayi a ana anawayang'ana, anandiyang'ana, n'kufunsa ngati ameneyo ndi mankhwala amene andilembera.

Mwana uja ndinamuimbira foni. Ataseka mokwanira anati ulendo wa kuchipatala ndidzapite ndi azakhali ake, andigwire dzanja podutsa pa msika. Pakadali pano anandipatsa malangizo amene amathandiza ngakhale wosadwala. Ntchito ndiziidula tizidutswa, osati "kumanga nyumba" koma "kugula misomali". Ndizilemba pakhoma pooneka, osadalira mutu. Chatsopano chisayambe chakale chisanathe. Ndipo chachikulu, ndisamagwire ndekha, chifukwa munthu wotere amalimbikira pamene wina ali pambali pake.

Chomalizachi sichinachokere ku London. Makolo athu ankachita dima: wofuna kuti munda wake uthe ankafulula mowa, n'kuitana mudzi, ndipo palibe amene ankasiya mzere pakati anzake akuona. Mayi a ana atamva zimenezi sanadikire kuti ndiganizepo. Chimera anyika kale. Loweruka aneba akubwera kudzafolera nkhokwe, aliyense ndi chida chake, poti zanga akuzidziwa. Ine andipatsa ntchito yoponya udzu kwa amene ali padenga, ndipo alamu anga adzaima kumbuyo kwanga. Lamulo ndi limodzi: ndikangotsegula pakamwa n'kunena kuti "ndaganiza", thobwa sindilawa.