Kuyenda awiri si mantha, koma wachiwiriyo ndani?

Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Ine ndimakayikira kuti amene anapeka mwambiwu ndi amene anali kutsogolo, manja ali m'thumba. Akanafunsa uja ankabwera pambuyo atasenza thumba la chinangwa, tikanalandira mwambi wina wautaliko, mwinanso wosayenera kunenedwa ana ali pomwepo.

Pamsika wa Nkhata Bay palibe ntchito ya munthu mmodzi. Dalaivala wa minibasi ya ku Mzuzu ali ndi kondakitala wake, kondakitalayo ali ndi woitanira wake. Mayi wogulitsa usipa ali ndi kamtsikana koingitsa ntchentche ndi kusaka chenji. Mwini chilimila agona kumtunda, siginala ali m'bwato ndi nyali usiku wonse kunyengerera nsomba. Ngakhale mzungu wa chikwama kumsana akangotsika Ilala, asanatuluke n'komwe padoko wapeza kale bwenzi lapamtima limene sanalipemphe, lomuperekeza mpaka ku Chikale. Onsewa akuyenda awiriawiri, ndipo palibe amene angavomere kuti ndi mantha.

Kwa Angelezi kuli sewero la pakanema limene lakhala likuchitira umboni mwambi wathuwu zaka zoposa 60. Dzina lake Doctor Who. BBC inaliyamba pa 23 November 1963, dziko lino lisanalandire ufulu, n'kuliimitsa mu 1989, n'kulidzutsanso mu 2005. Ife zambiri zinatipita chifukwa wailesi yathu ya kanema inatsegulidwa mu 1999. Anzathu a ku Zambia ndi ku Nigeria ankaonera kalekale m'zaka za m'ma 1960, moti mu 2013 zigawo 9 zimene eni akewo anataya zinakapezeka zitasungidwa bwinobwino ku Jos, m'dziko la Nigeria.

Mwini sewero ndi a Dokotala, mkulu wochokera kudziko lina lakuthambo lotchedwa Gallifrey. Ali ndi mitima iwiri, zaka zawo n'zosawerengeka, ndipo imfa ikawapeza amangosintha thupi ndi nkhope, sewero n'kumapitirira ndi wosewera wina. Anakhalapo nkhalamba yaukali, anakhalapo mayi, ndipo mu 2023 nkhopeyo inagwera Ncuti Gatwa, mnyamata wobadwira ku Rwanda. Pa nkhani ya kutchena, a Dokotala atafika kuno palibe angawafunse kwawo: munthu wothawa zilombo tayi ili pakhosi, Atonga angomulandira kuti ndi mwana wa pamudzi wabwera kuchokera ku Joni. Chombo chawo ndi TARDIS, chimene chimapita kulikonse, dzulo kapena mawa. Kunja ndi kanyumba ka buluu ka foni ya apolisi, koma ukalowa mkati ndi chinyumba chachikulu. Aliyense wolowamo koyamba amatuluka, n'kuzungulira, n'kulowanso kukamwa kuli yasa. Ife zimenezo sitingadabwe nazo. Minibasi ya ku Mzuzu timaidziwa: mpando wa anthu atatu pali anayi ndi mwana pamiyendo, pansi pali nkhuku, kumbuyo dengu la batala ndi matumba a ufa wa kondowole, kondakitala theka la thupi lili panja, koma akukuwabe kuti malo alipo.

Tsono mkulu wamphamvu zonsezi sayenda yekha. Chiyambire 1963 amatola munthu panjira, kawirikawiri mtsikana wa ku London, n'kumayenda naye. Okonda seweroli amakangana chaka ndi chaka kuti mwa operekeza onsewa wopambana ndani, ndipo muyeso wawo ndi misozi: amene anawaliritsa kwambiri pochoka ndiye woyamba. Wanga ndi muyeso wa pamsika. Ndani ungamusiyire benchi lako ukamapita kumaliro, pobwera n'kupeza usipa watha, ndalama zili zokwana? Ndipo ndani angakukoke malaya ukamafuna kuchita zopusa?

Kumunsi kwenikweni ndaikako K9, galu wachitsulo amene anabwera mu 1977. Mutu wake ndi kompyuta, mphuno yake ndi mfuti, koma miyendo alibe, amayenda pa timateyala tofuna simenti yosalala. Ojambula seweroli ankavutika naye pakangokhala kamtunda kapena miyala. Mu 1980 anamutengera kugombe la ku Brighton, wina anaponya mpira m'madzi, galu n'kuulondola, n'kuphulika. Tauni ino ndi zitunda ndi nyanja basi. Galu ameneyu tingamugwiritse ntchito yoikapo sikelo.

Pamwamba pake pang'ono pali Adric, mnyamata wodziwa masamu amene ankayenda ndi nyenyezi ya mphoto pachifuwa kuti aliyense adziwe. Pamsika uliwonse alipo wotereyu, mwana wa Fomu 3 amene amakonza chenji cha amalume ake makasitomala akumva. Mu 1982 Adric anali atalowa kale m'kachombo kothawira, koma anadumphamo n'kubwerera m'chombo chimene chinali kugwa chifukwa anali atakumbukira njira yothetsera samu yomaliza. Chombocho chinakagwa padziko zaka 65 miliyoni zapitazo n'kupulula zinyama zikuluzikulu zija, abale a chija mafupa ake ali kunyumba yosungira zakale ku Karonga. Mnyamata anafa asanadziwe ngati yankho lake linali lolondola. Tsiku limenelo BBC inatseka chigawocho popanda nyimbo, pofuna kulira maliro. Chisoni chilipo ndithu, koma benchi sindingamusiyire. Moto utabuka pamsika, iye angabwerere kukatenga kope la ngongole.

Rose Tyler, amene ambiri amamuika pamwamba, kwa ine ali pakatikati. Anali wogulitsa m'sitolo, choncho kasitomala amamudziwa, koma anachoka pakhomo osatsazika. A Dokotala anamubweza akuganiza kuti papita maola 12, pamene papita miyezi 12. Mayi ake anali atamata zithunzi zake m'misewu, ndipo chibwenzi chake Mickey apolisi anali atamufunsa kangapo pomuganizira kuti anamupha. Kwathu kuno mlandu umenewu sungathe ndi pepani, pamafunika mbuzi.

Pena wolakwa amakhala wotsogolera. Woperekeza woyamba anali Susan, mdzukulu wa a Dokotala eniake. Mu 1964 agogowo ataona kuti mwana wakonda mnyamata wina, anamutsekera chitseko cha TARDIS, n'kumulankhula ali mkati kuti akhale ndi mwamunayo, iwo adzabweranso tsiku lina. Panalibe ankhoswe, panalibe malowolo, ndipo mtsikanayo anatsala ndi nsapato imodzi chifukwa inzake agogo anali atalowa nayo kuti akasoke. Sarah Jane Smith, mtolankhani amene anayenda nawo kuyambira 1973 mpaka 1976, anamuuza kuti wafika kwawo ku Croydon. Patapita zaka 30 ndi pamene mayiyu anaulula kuti anamutsitsa ku Aberdeen, ku Scotland, makilomita mazanamazana kuchoka kwawo. Mayi ameneyu ndimamulemekeza, chifukwa sanakhale pansi kumadandaula, anapitiriza ntchito yake mpaka anadzakhala ndi sewero lakelake mu 2007. Jamie McCrimmon, mnyamata wa ku Scotland wovala siketi ya kwawo, anaoneka m'zigawo zoposa 100 ndipo sankafunsa zambiri: umuuze pomenya, amenya. Wotereyu ndi wabwino tsiku lotsitsa katundu mu Ilala, chombo chimene nachonso chinapangidwa kwawo komweko.

Nkhani ya Amy Pond ndi mwamuna wake Rory Williams ndi imene ingagawanitse msika pakati. Amy anakumana ndi a Dokotala ali ndi zaka 7. Anamuuza kuti adikire mphindi 5, iye n'kulongedza kasutikesi, n'kukhalapo panja. Anabwera patatha zaka 12. Aliyense amene anamvapo mawu akuti "tikunyamuka pompano mayi, watsala munthu mmodzi" akudziwa mmene mwanayo ankamvera. Koma Amy atakula anathawa ndi a Dokotala usiku woti mawa lake ndi ukwati wake, atavala zogonera. Rory, namwino wofatsa, sanakwiye. Anatsatira. Anafa kangapo konse m'seweroli, n'kumadzukanso, n'kumatsatirabe. Amy atatsekeredwa m'bokosi lina lalikulu kuti achire, Rory analondera bokosilo zaka pafupifupi 2,000, atavala zausilikali wa Aroma, wopanda malipiro, wopanda tchuthi, wopanda ngakhale tochi. Amayi a kumbali ya tomato angamupatse nambala wani osayembekeza kuti ndimalize kufotokoza, ndipo angaitane amuna awo kuti adzamve. Abambo a pabawo angangogwedeza mutu n'kunena kuti mnyamatayo anadya kondaine, ndipo wochita kuthirira m'ndiwo kawiri. Ine ndamuika wachitatu. Benchi angalisunge mpaka Yesu adzabwere, koma ukamalakwitsa adzangokuyang'ana ndi maso achisoni n'kukunyamulira chikwama.

Wachiwiri ndi Martha Jones wa mu 2007, amene ankaphunzira udokotala weniweni, wa mapepala, osati wa dzina chabe. Wosewera wake, Freema Agyeman, bambo ake ndi a ku Ghana. Dziko litagwidwa ndi mdani, a Dokotala ali m'ndende atakalambitsidwa, Martha anayenda wapansi chaka chathunthu kuzungulira maiko, kuuza anthu zoti achite, mpaka dziko linapulumuka. Nthawi yonseyi ankawakonda a Dokotala, koma iwo pakamwa pawo panali Rose yekhayekha. Ntchito itatha, Martha anaona kuti pano akungotaya nthawi, anatsazika bwinobwino, n'kutsika yekha. Mwa onsewa ndi ochepa amene anadziwa siteji yotsikira.

Ife Amalawi luso limeneli lodziwa potsikira tiyenera kulimvetsa kuposa Angelezi, chifukwa kuno kuyenda awiri kwa kumpando waukulu sikunayambe kwatha bwino. Justin Malewezi anayenda ndi Bakili Muluzi zaka pafupifupi 10, koma mu 2004 anaima payekha. Cassim Chilumpha anamangidwa mu 2006 ali wachiwiri kwa Bingu wa Mutharika. Joyce Banda anachotsedwa m'chipani mu 2010, n'kudzatenga mpando waukuluwo mu April 2012. Saulos Chilima anachoka kwa Peter Mutharika mu 2018 n'kuyambitsa UTM. Ndipo mu June 2024 udindo wa wachiwiri unagwera munthu wa zisudzo weniweni, Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, amene naye pofika 2025 anali pa pepala lovotera payekha. Kumeneko kuyenda awiri ndi mantha ndithu, ndipo woopa kwambiri amakhala wakutsogolo, amene amayenda akucheuka. Awiri okha amene ndimawadziwa kuti anayenda limodzi mpaka imfa ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, mwina chifukwa palibe anadziwa kuti woperekeza mnzake anali uti.

Woyamba wanga ndi Donna Noble. Sanali kamtsikana kogomera a Dokotala. Anali mayi wamkulu, mlembi wa maganyu m'maofesi, wa pakamwa posatseka. Anatulukira mu TARDIS mu 2006 atavala diresi laukwati, osadziwa kuti wafikamo bwanji, ndipo mmalo modabwa ndi kukula kwa chipinda anayamba ndi kukalipa kuti amubweze kutchalitchi. Tsiku lomwelo a Dokotala analandira makofi awiri. Ataona mkuluyo akumiza adani ake m'madzi mopanda chisoni, anamukuwira kuti basi zakwana, ndipo madzulo ake atapemphedwa kuti ayende nawo, anakana, n'kuwalangiza kuti apeze munthu woti aziwaletsa.

Anadzavomera mu 2008, atabwera ndi masutikesi ake onse mpaka bokosi la zipewa. Atafika ku Pompeii, tsiku loti mawa lake phiri la Vesuvius liphulika m'chaka cha 79, a Dokotala anati mbiri ndi mbiri, mzindawo sungapulumutsidwe, tiyeni tizipita. Donna sanakakamire mzinda wonse. Anatsitsa mtengo mpaka pa banja limodzi, n'kukakamira pomwepo akulira, mpaka chombo chinabwerera kukatenga anthu anayi. Amenewo ndi manenedwe a munthu wodziwa msika: ukalephera dengu lonse, usachoke wopanda mbale imodzi ndi basera. Bambo wa banja lopulumukalo ankaseweredwa ndi Peter Capaldi, amene patapita zaka zisanu anadzakhala a Dokotala. Ndiye kuti Donna anapulumutsa bwana wake wam'tsogolo osadziwa.

Malipiro ake anali owawa. Atapulumutsa chilengedwe chonse, nzeru za a Dokotala zimene zinamulowa m'mutu zinayamba kumuwotcha ubongo, ndipo anamufufuta chikumbukiro cha ulendo wonsewo iye akukana. Anamubweza kwa mayi ake osakumbuka kalikonse, akungocheza pafoni za miseche ya anzake. Pofuna kupepesa, a Dokotala anamutumizira tikiti ya lotale yowina ngati mphatso ya ukwati.

Pali kanthu kamodzi kokha kamene ndikupempha kuti kasafike kwa amayi a usipa, chifukwa mndandanda wangawu angaung'ambe n'kukulungira nsomba. Donna atabwereranso m'seweroli mu 2023, zinadziwika kuti mapaundi mamiliyoni onse aja anagulako nyumba yokha, otsalawo n'kugawira mabungwe othandiza ovutika, mwamuna wake n'kumayendetsa takisi.