Madzi a m'Akakolo

Okutobala akangofika, dzuwa n'kuyamba kuwotcha ngati tili nalo ngongole, anthu a kumayadi mu Lilongwe amagwidwa ndi nthenda imodzi: kunyanja. Chimake ndi pa 15, Tsiku la Anakubala. Anakubala enieniwo ali kumudzi akusosa m'munda, tawatumizira chitenje ndi kandalama ka pafoni, ife talunjika ku Salima kukawakumbukira bwino.

Ulendowu umayambira ku Old Town. Munthu amene chaka chonse amalumbira kuti sangaponde pa kaunjika wa pa mlatho, sabata imeneyo umamupeza atawerama pa mulu, magalasi akuda kumaso, akutembenuza makabudula amaluwa. Mukaphana maso amafulumira kunena kuti, "Ndikufunira mnyamata wantchito." Umu ndi mmene ndinawapezera alamu anga a ku Area 47, ndipo pofuna kunditseka pakamwa anandiitana kuti ndipite nawo.

Tinapangana kunyamuka 6 koloko. Geti linatsekulidwa cha m'ma 10. M'buti munali mbaula, makala, nkhuku, masoseji, sipika yaikulu ngati ya pa ukwati, ndi madzi a m'mabotolo okwanira mudzi. Tinakhota pa Kanengo kulowa msewu wa M14, makilomita pafupifupi 100 kukafika pa boma la Salima, ena 20 kukafika ku Senga Bay. Njira yonse alamu ankanena mawu amodzi: akufuna kukapuma, atalikirane ndi anthu a m'tauni.

Anthu a m'tauni tinawapeza atafika kale. Abwana awo a ku Capital Hill anali pomwepo, mimba pamtunda. Mkulu wa mpingo anali pomwepo, botolo lake atalikulunga m'thaulo. Ngakhale bambo uja alamu akhala akumuuza kuti "mapeto a mwezi uno" kuyambira Juni anali pomwepo, akuwerenga masoseji athu ndi maso. Kabudula wa mnyamata wantchito uja anavala ndi alamu, ndipo anawakhala bwino.

Wa ku Lilongwe salowa m'nyanja. Amaima pamene madzi afika m'akakolo, dzanja lina foni, lina m'chiuno. Zifukwa ali nazo zambiri: likodzo, ng'ona, "ndangodya kumene." Tiana ta m'mudzimo timangodumphira m'madzi ngati achule, iye n'kumapukusa mutu kuti makolo a kuno sasamala ana.

Kenaka kunabwera anyamata a boti. "Mabwana, tikakusiyeni pa chilumba?" Ankanena Namalenje, kachilumba ka miyala kooneka pafupi apo, kamene azungu amati Lizard Island chifukwa cha ng'azi zake. Alamu anayamba ndi phunziro. Anatifotokozera kuti zilumba za Maleri, chakum'mwera uko, zili m'dera la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Anawonjezera monyadira kuti nyanja yathuyi pena ndi yakuya mamita 700, ngati anakumba ndi iwo. Atatero ananenerera mtengo mpaka mnyamatayo anatsala pang'ono kulira. Jekete yoyandamitsa anaikana. Ati imaononga chithunzi.

Injini italira, gombe n'kuyamba kuchepa, udindo unasintha. Mnyamata wosavala nsapato uja anakhala bwana.

"Biggy, khalani pakati, mukupendeketsa boti."

Alamu, amene ku ofesi munthu salowa asanagogode kawiri, anasuntha mwaulemu ngati mkamwini watsopano. Funde loyamba litamenya, anafunsa motsitsa mawu kuti jekete ija ili kuti. Lachiwiri litamenya, achemwali anga anayambitsa kolasi, sipika itazimitsidwa. Lachitatu, alamu anagwira mnyamatayo pa bondo.

"Achimwene, pa mamita 700 paja si pano eti?"

"Ndi kumpoto kumeneko, biggy. Pano mpafupi."

"Pafupi bwanji?"

"Kungoti simungaime."

Pa chilumbapo tinakhalapo mphindi zosakwana khumi ndi zisanu. Miyala yake ndi yoyera ndi zitosi za mbalame, ndipo fungo lake silituluka pa chithunzi. Ng'azi imodzi inatiyang'ana n'kupitiriza kuwothera dzuwa. M'mbali mwa miyala munkasambira mbuna, tinsomba ta buluu ndi tachikasu timene anthu amaolokera nyanja zamchere kudzationa. Alamu, mtima utabwerera m'malo, anafunsa ngati timakoma ndi nsima. Mnyamata anaimba likhweru n'kuponya kansomba m'madzi, nkhwazi inatsika n'kukawakha. Tonse tinajambula thambo. Anati kubwereza n'kulipiranso, ndipo ulendo uno palibe ananenerera.

Titaponda mchenga, alamu anavula jekete msangamsanga n'kuuza abwana awo kuti nyanja lero ili phee, sizili ngati ulendo wina anapita ku Likoma pa Ilala. Achemwali anangoyang'ana kumbali.

Chotsala chinali chikalata cha umboni: chambo chomangirira pa galasi la galimoto. Amati n'kuopa fungo m'kati, koma m'buti munali cooler box yopanda kanthu. Tinagula zinayi, pa mtengo umene kumsika wa ku Area 2 alamu akanaitana apolisi. Titalowa mu Lilongwe sitinalunjike kunyumba. Tinatsikira ku Old Town, pang'onopang'ono, mawindo otsekula, ndipo pa raundabauti ina tinazungulira kawiri.

Pa geti tinakumana ndi aneba, nawonso chambo chili lendelende pa galasi.

"Kunyanja kunali bwanji, aneba?" anafunsa alamu.

"Eee, mafunde lero! Inu munali mbali iti?"

Mlonda potitsekulira anandinong'oneza kuti galimoto imeneyo yatuluka 4 koloko madzulo omwewo, ndipo madamu awo ananyamula dengu la kumsika.