Chijapani cha mlendo wa thumba lopyapyala

Chijapani chili ndi mavawelo asanu, a, i, u, e, o, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa vawelo. Sichisiyanitsanso l ndi r. Choncho lilime lozolowera Chichewa limangotsetsereka, ndipo msampha wake uli pomwepo: mlendo akatchula bwino, Mjapani amayesa wapeza mnzake n'kuyankha mwaliwiro, mlendo n'kungoti kukamwa yasa. N'chifukwa chake mawu oyamba kuloweza asanatere pa bwalo la ndege la Narita kapena Haneda ndi wakarimasen, kutanthauza kuti sindikumva. Pa mawu amenewa mlembi wa nkhani ino ndi katswiri wosapikisika.

Moni umayendera dzuwa: ohayo gozaimasu m'mawa, konnichiwa masana, konbanwa madzulo. Umaperekedwa powerama, osati kugwirana chanza, ndipo za ana ndi chimanga safunsana. Kuthokoza ndi arigato gozaimasu.

Mfumu ya mawu onse ndi sumimasen. Wopondana naye phazi m'sitima ya ku Tokyo amapepesedwa nawo, woperekera zakudya amaitanidwa nawo, wotola chipewa chimene chagwa amathokozedwa nawo. Mlendo waulesi atha sabata yathunthu ndi mawu amodziwa, anthu n'kumamutama kuti analeredwa bwino.

M'sitolo ogulitsa amakuwa kuti irasshaimase. Ndi kulandira makasitomala chabe, sikufuna yankho, ndipo palibe chifukwa chopisa m'thumba kuonetsa kuti sanabe kanthu. Mtengo umafunsidwa kuti ikura desu ka. Ukatchulidwa, mlendo wa mtundu wa mlembiyu amauwerengera m'makwacha, mawondo n'kulobodoka. Kunenerera ngati pa kaunjika kulibe. Chotsala ndi kupuma mozama n'kunena kuti chotto, mawu osamaliza amene Ajapani amakanira mwaulemu. Wa ndalama zake amangoloza chala n'kuti kore o kudasai, ndipatseni ichi.

Chakudya chimayamba ndi itadakimasu n'kutha ndi gochisosama deshita. Ndalama yothokozera woperekera siisiyidwa patebulo, mwambo umodzi wokha umene mlembiyu anabadwa akuudziwa kale. Mimba ikakana nsomba yaiwisi, funso lopulumutsa ndi toire wa doko desu ka, chimbudzi chili kuti.

Zowerenga n'zosiya. Kalembedwe ka hiragana kali ndi zilembo 46, ka katakana 46, ndipo zilembo za kanji za tsiku ndi tsiku zilipo 2,136. Wofuna chimbudzi msanga atsate chithunzi cha pachitseko.